Mabasi Awiri Padepoti

"Ine sindikokedwa ngati mbuzi, mayi mwana. Mzinda wokachitira tchuthi ndisankha ndekha," anatero mkuluyo padepoti, akukonza tayi.

Kumanja kunali basi yopita kumzinda wa kunyanja, kumanzere yopita kumzinda wa kumapiri. Iye akadali kusinkhasinkha, kondakitala wa kunyanja anatsomphola sutikesi yake n'kuiponya padenga. Wa kumapiri ananyengerera mkazi wake ndi mpando wa pawindo, mayiyo n'kukwera.

"Sankhani msanga, bambo mwana," anatero atasuzumira pawindopo. "Ine kapena mathalauza anu?"

Mkuluyo anathamangira kumanja, n'kubwerera kumanzere, n'kuimanso pakati, kukamwa kuli yasa. Mabasi onse awiri ananyamuka, n'kumusiya akutsokomola utsi, ambulera ili m'manja.