Ndege ya a Sixten

"Kameneka mukuti ndi ndege?" anafunsa a Sixten, akuloza ndi ndodo kandege koyesera koyendera mabatire. "Ngakhale nkhuku ikhoza kukaseka."

Tuva, mtsikana woonetsa alendo malo ofufuzira za ndegewo, anangomwetulira.

A Sixten anali atangobwerera kwawo ku Sweden atakhalitsa kunja, ndipo zonse pamalopo zinkawanyansa: akatswiri ovala makabudula, makompyuta, ngakhale khofi amene. Iwo anabwera kudzaonetsa akazi awo, a Gunvor, ndege imene anapanga ali mnyamata, imene sinkachoka pakamwa pawo.

"Iwe mwana, tiperekeze tikaone ndege yeniyeni, ya mapiko opindikira kutsogolo ija. Ikadalipo?"

"Ilipo, agogo. Kuno kulibe ndege yotanganidwa ngati imeneyo."

"Mwamvatu, mayi?" anatero a Sixten akukonza tayi.

Kuseri kwa nyumba yosungiramo ndege anapeza chindege chakuda bii, chikufuka utsi. Ozimitsa moto anali mkati mokulunga mapaipi awo.

"Amaphunzirirapo ntchito," anatero Tuva. "Amaiyatsa Lachiwiri lililonse."

A Gunvor anaiyang'anitsitsa kwa nthawi.

"Paja munkati ndi yolimba, bambo. Simunaname."