Mkamwini Alibe Mawu

"A Kalebe, muli ndi ufulu woyankhula ngakhalenso kuitana mboni," anatero woweruza. "Anatentha dzanja la mwana wanu ndani?"

Kalebe anayang'ana Alinafe, yemwe a boma oona za ana anamutenga kusukulu ku Chezi ataona balalo. Kenako anacheuka. Kumbuyo kunakhala mlamu wake Festus, mwini mbumba, yemwe anamupatsa munda ndi malo a nyumba. Ndi Festus yemweyo anatentha mwanayo ndi chikuni atamupeza akudya mtedza wambewu. Kalebe anaona ndi maso ake.

Festus anangokhosomola pang'ono.

"Ine ndine mkamwini, bwana. Ndilibe mawu."

"Muno mulibe mkamwini. Ndinu bambo ake, yankhulani!"

Kalebe anazolika.

"Chabwino. Mwanayu sabwerera m'nyumba mwanu mpaka kafukufuku atatha. Alipo wachibale wodalirika woti angamusunge?"

Festus anaimirira, nakonza jekete lake la kutchalitchi.

"Ndilipo, bwana. Ndi mwana wa mlongo wanga ameneyu. Bwera kwa amalume, Alinafe."

Alinafe anabisa kumbuyo dzanja lopanda balalo.