Foda Yokana Kutseguka

Madamu anadinanso pa kompyuta, koma foda ija inakanabe kutseguka. Dzina lake linali zilembo zosokonekera, manambala ndi kamzere kokhota, ngati papalasa nkhuku.

Studio yawo yojambula zithunzi inali ya zipinda ziwiri. Kutsogolo kunali kauntala, pulinta ndi kompyuta yakale ya Madamu, polandirira makasitomala. Kuseri kunali kompyuta yatsopano ya amuna awo, amene aliyense ankangowatchula kuti a Kamera. Waya wodutsa pabowo la khoma ndiye ankalumikiza makompyuta awiriwa, kuti zithunzi za maukwati ndi za ziphaso zizioneka mbali zonse. Mafoda ena onse a bamboyo ankatseguka bwinobwino, kupatula imodziyi.

Dzulo lake, polowa ndi tiyi kuseriko, Madamu anawapeza a Kamera akumwetulira okhaokha, maso ali pa kompyuta. Bambo wa imvi m'ndevu samwetulira chabe. Ndipo Madamu sanali mwana. Ankadziwa kuti foda siidzitsekera yokha, pamakhala mwini wake amene wafuna kuti itero. Mtima unkawawawa, ndipo anali atatsimikiza kale: akapezamo nkhope ya mkazi, banja lithera pomwepo, studio agawana, waya aduladula.

A Kamera atangonyamula chikwama kupita kukajambula ana a sukulu ya mkaka, Madamu anaimbira foni mlongo wawo wamng'ono wokonza makompyuta, amene kwawo ankamutcha Mawaya.

Mawaya anafika ali thukuta kamukamu, anayang'ana foda ija, n'kuseka.

"Asisi, apatu palibe amene wabisa kanthu. Makompyuta anuwa sakumvana chabe."

"Usandiphunzitse za alamu akowa. Tsegula."

"Tamvani kaye. Ya alamu ija imalemba zilembo mwatsopano, yanuyi imawerenga mwachikale. Ndiye pulogalamu yogawana mafayiloyi, isanatsegule foda, imayamba yasandutsa dzina lonse kukhala zilembo zazikulu kuti ifananize. Ikakumana ndi chilembo chachilendo, monga w wa kachipewa uja, siidziwa kuti chachikulu chake n'chiti. Imangobalalika n'kukulavulirani zinyalala mukuonazi."

"Amuna nonse mumaikirana kumbuyo. Akugulira mowa eti?"

Mawaya anangopukusa mutu n'kuyamba ntchito. Analowa kuseri, anatulukanso, anagwada pansi pa kauntala pomwe fumbi linali litamanga maziko, kenako analowanso. Madamu anaima pakhomo atapinda manja, akusanja mawu mumtima. Anali ndi oti adzayambire, oti adzanenere pakati misozi ikadzafika, ndi ena apadera osungira apongozi awo, amene nthawi zonse ankati mwana wawo ndi nkhosa. Anaganizanso za makasitomala achitsikana aja, amene amabwera kudzajambulitsa chithunzi cha chiphaso atadzola ngati akupita kuphwando. Aliyense wa iwo anayamba kuoneka wolakwa.

"Bwerani muone," anatero Mawaya.

Dzina la foda lija linali litawongoka: Ziŵeto. Madamu anamulanda mausi n'kudina okha.

Nkhumba. Nkhumba zikudya, nkhumba zitagona, nkhumba yaikazi ikuyamwitsa. Zinali zithunzi za wogulitsa zakudya za ziweto, amene ankafuna chikwangwani cha pasitolo pake. Madamu anatsika nazo mpaka chomaliza, akuyembekezerabe siketi kapena mwendo wa munthu, koma anangopeza kamwana ka nkhumba katavala beseni kumutu. Ngakhale iwo kanawaseketsa asakufuna.

Manyazi anawagwira. Kunena zoona, panalinso kakukhumudwa, chifukwa mawu okoma onse aja anapita pachabe.

"Ukangowauza alamu ako zimene ndinakuitanira, usadzapondenso pano," anatero motsitsa mawu.

Asanamalize bwino, chitseko chinatseguka. Anali a Kamera, chikwama paphewa, akudandaula kuti ana theka analira, theka anatsinzina.

"Aa, alamu! Mwatikumbukira lero?"

"Ndimangodutsa, alamu. Ndati ndiwapukuteko fumbi makompyutawa."

"Mwachita bwino, akhala akutivuta," anatero a Kamera, n'kulowa kuseri kukatsitsa zithunzi za anawo.

Madamu anasanduka munthu wina. Anafunsa ndi mawu a uchi ngati bambo akufuna tiyi wamkaka, anatenga kapu yabwino ija ya alendo, anaipukuta mpaka kuwala. Mumtima anavomereza kuti mwamuna wotere ndi wosowa: wokhulupirika, wosachenjera, wongosangalala ndi nkhumba zake.

Mawaya anali akukulunga zipangizo zake, akunyadira ntchito ya manja ake.

"Musadandaule asisi, pakamwa panga mpotseka," ananong'ona. "Ndipotu sindinachite zachibwana, ndakonza mbali zonse ziwiri. Kunalinso kafoda kena ka pa kompyuta yanuyi kamene kwa alamu kamaoneka zinyalala zomwezija. Munakapatsa dzina la zilembo zachilendo zokhazokha, kaya munkatani. Pano kakutseguka kungokadina."

Madamu anaima ndi kapu m'manja, pakamwa pali yasa. Kuseri kuja mpando unalira.

"Amayi, tabwerani kuno," anaitana a Kamera ndi mawu ofatsa kwambiri. "Uyu mwamukumbatira pazithunzi zonsezi, si mkulu wophika makeke a maukwati uja?"