Mthunzi wa Pansi pa Pikapu ya Brodie

"Mwana afunika kutalika bwanji kuti woyendetsa pikapu yokwezedwa amuone ali kutsogolo kwake?" Mayi wina anafunsa zimenezi pamsonkhano wa makolo kusukulu ya mkaka kwathu kuno ku Emerald. Abambo onse anangoyang'ana pansi. Chimene anafunsira ndi ichi.

Panali bambo wina dzina lake Brodie, wa ku mgodi wa malasha, mwamuna wa mayiyu. Atagula pikapu yake yoyamba, anakhala pansi kukonza zoti ayambe kusintha pagalimotoyo. Mkazi wake, Kirra, anamupempha kuti ayambe ndi mabuleki ndi kamera yoonera kutsogolo, popeza mwana wawo Maisie anali atangoyamba kuthamangathamanga pabwalo. Brodie anavomera.

Koma kuntchito anzake anamuseka. "Aise, imeneyi ndi pikapu kapena fulu? Mimba ikukwekwereza pansi. Kamera ndi ya agogo, iwe kweza galimoto!"

Basi, mawu a mkazi wake anathera pomwepo. Anaika masipuling'i aatali, matayala akuluakulu, ndi chitsulo chakutsogolo chotchingira makangaru. Kirra atadandaula, iye anati, "Mayi a Maisie, inu nkhawa basi. Kamerayo tidzaika ikakwana nthawi."

Mukudziwa mmene dzuwa limaotchera kuno mu Januwale. Pabwalo pawo panalibe mtengo, ndiye pikapu yokwezedwayo inasanduka mthunzi wabwino. Galu ankagona pansi pake. Maisie naye anatengera galuyo, n'kumakhala tsonga kutsogolo kwa tayala ndi zidole zake.

Loweruka lina masana Brodie anatuluka mothamanga kukagula nyama yootcha. Anakwera, anayang'ana kutsogolo, anaona boneti ndi geti. Galu atamva injini anathawa. Mwana sanathawe.

Maisie ali moyo, tithokoze Mulungu, koma mwendo wake unathyoka pawiri ndipo mpaka pano amatsimphina. Anzake oseka aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anaponda kuchipatala.

Mwana atatuluka m'chipatala, Kirra analanda makiyi, n'kuuza mwamuna wake kuti akwere pampando wa woyendetsa. Kenako anaitana ana a mumsewu wawo n'kuwandandalika kutsogolo kwa chitsulo chija, mwana wanganso ali pomwepo.

"Bambo a Maisie, mukuona ana angati?"

Brodie anasuzumira, anaimirira pang'ono, n'kunena motsitsa mawu kuti sakuona aliyense.

Ine zimandipsetsa mtima. Munthu wamkulu, wa ndevu zake, kuopa kusekedwa ndi anzake kuposa kuopa kuponda mwana wake! Ndipo magalimoto otere adzaza pageti la sukulu m'mawa uliwonse.

Phunziro: Musanawonjezere mphamvu kapena msinkhu wa galimoto, yambani ndi zokuthandizani kuona ndi kuima. Okusekani sadzakunyamulirani mwana. Chonde, musanalize injini zungulirani galimoto ndi kusuzumira pansi, ndipo nkhaniyi mutumizire bambo aliyense amene akulota zokweza pikapu yake.