Ziwala za Njati

Padangokhala dambo lina kumene mbalame zinkasonkhana pachulu chaka ndi chaka, kukambirana zimene zaona zikuuluka. Wozidyetsa pamsonkhanopo anali Njati. Iye ankayenda m'udzu, ziwala n'kumadumpha, mbalame n'kumatola.

Chaka china Nantchengwa, amene sachoka m'mbali mwa madzi, anapempha kuti akambe za chitsime. "Chikuphwa," anatero, "chifukwa a Njati amagubudukamo, matope n'kutseka kasupe."

Njati atamva anabwera pachulu. "Kambani chilichonse, ine sinditseka munthu pakamwa," anatero mofatsa. "Kungoti nkhani ikakhala imeneyo, miyendo yanga imawawa."

Anakagona pamthunzi masiku atatu. M'udzu munangoti zii, chiwala osaoneka ngakhale chimodzi. Tsiku lachinayi Kakowa, wapampando wa msonkhano, anaimirira m'mimba mukulira.

"A Nantchengwa, zimene mukunenazo n'zoona, koma ana athu sadya choonadi. Tiyeni tikambe za kuwala kwa nthenga."

Nantchengwa anauluka osatsanzika. Njati anadzuka, ziwala zinadumpha, ndipo msonkhano unayenda bwino kwambiri.

Dzuwa la Okutobala litafika, pachitsime panangotsala dothi long'ambika. Njati anagwa pomwepo, lilime lili panja. Anayang'ana Kakowa n'kufunsa, "Inu ophunzira mumaona zonse muli m'mwamba. Bwanji simunandiuze?"

Kakowa anatsegula mlomo, koma mawu sanatuluke. Anali atazolowera kuutsegula pomeza basi.