Mpando Wakumbuyo

Chizindikiro cha pa phiko la kandege kapulasitiki chinali chitakhotanso.

Kaputeni anatchera khutu kuchipinda. Mkonono wa bambo ake unkamveka ngati thiraki yokwera mtunda. Anakokera mpando pafupi ndi tebulo, n'kuyamba kuba ntchito ya eni ake.

Si kaputeni weniweni. Ndi dalaivala wa mathiraki odutsa maboda, mzimayi wosakhazikika, wodziwa malo omwetsera mafuta kuposa khitchini ya kwawo. Dzinalo anamupatsa ndi bambowo ali kamtsikana, tsiku limene anagwa pa makwerero a kuntchito kwawo n'kutemeka pachibwano osalira. Kachipsera kalipobe. Akamanama amakagwira.

Bambowo anali makaniko wa ndege zophunzitsira asilikali. Atapuma ntchito anayamba kupanga ndege zomwezo, zazing'ono, zapulasitiki, zokwana m'dzanja. Mtundu umodzi, zizindikiro za maiko osiyanasiyana. Mwana wawo akaimba foni kuti wafika dziko lakuti, iwo ankaika mbendera ya dzikolo pamchira. Shelefu yonse inali maulendo ake. Yobiriwira ya pakona ndi ya chaka chimene mayi ake anatsikira kuli chete iye ali pamzere pa boda. Imeneyo sankaiyang'ana.

Ndege zonsezo zinali za mipando iwiri. Wophunzira kutsogolo, mphunzitsi kumbuyo, aliyense ndi chiwongolero chake.

"Wakutsogolo amaganiza kuti akuulutsa yekha," bambo ankakonda kutero. "Mphunzitsi wabwino samveka dzanja."

Ulendo uno anabwera kudzangowazonda, chikwama osamasula n'komwe. Anapeza manja a bambo akunjenjemera. Tiyi ankathera m'sosa. Supuni inkalira pakapu ngati belu la kusukulu. Kaburashi kawo kokondedwa, ka tsitsi lowerengeka, anati anakataya.

"Kanandikana, Kaputeni. Ukalamba ulibe sipeya."

Koma ndege sanasiye. Ankanyika kapepala ka chizindikiro m'madzi, n'kukatsetserezera pa phiko, n'kukasiya kali chopendekeka ngati chipewa cha woledzera. Mbendera chadodolido. Guluu paliponse. Akagona masana, mwana wawo ankanyowetsa, kuwongola, kupukuta. Akadzuka ankanyamula ndegeyo n'kuizunguza pawindo.

"Waona? Manja akadalipo awa!"

"Akadalipo, bambo," ankatero, chala chili pachibwano.

Munthu amene anamuphunzitsa kugwira sipanala, lero iye akuwapusitsa ngati mwana. Koma akanawauza bwanji? Masiku anasanduka masabata. Chikwama chinamasulidwa.

Foni inanjenjemera patebulo, pakati pa timabotolo. Bwana wa mathiraki. Anayankha monong'ona.

"Ndikumva, bwana."

"Iwe ukumva, koma matayala sakumva. Katundu watopa n'kudikira. Unyamuka mawa, kapena makiyi ndipatse wina? Ndikapereka ndapereka, usadzandilirire."

Kaputeni anayang'ana uku ndi uku. Fungo la penti linali lamphamvu lero. Bambo ayenera kuti anagubuduzanso kabotolo pamene iye anali ku famase. Anamutuma m'mawa, ku famase ya kutali, ati mankhwala a pafupi ndi madzi okhaokha. Munthu wotere n'kumusiya yekha? Ndi mbaula, ndi ketulo, ndi lezala? M'mawa womwewo anatuluka kubafa masaya ali see, opanda bala ngakhale limodzi. Iye anangothokoza Mulungu. Mwayi sugwa tsiku lililonse.

Mayi anapita iye kulibe. Awanso?

"Apatseni ena, bwana."

"Iwe? Msewu si mwamuna wako iwe?"

"Ukwati watha."

Anadula foni. Thiraki imene anaivutikira, imene ankaidziwa kutsokomola kwake, yapita ndi mawu awiri. Chomwe chinamuchititsa manyazi n'chakuti miyendo inkafunabe kupita. Anaitukwana chamumtima. Mwana wanji wolirira matayala bambo ake akulephera kukweza kapu?

Anabwerera ku ntchito. Dontho la madzi pa phiko. Kudikira pang'ono. Kukankha ndi nsonga ya chotokosera m'mano mpaka chizindikiro chitakhala pakati. Anatembenuza mbendera ya pamchira. Kunatsala kagalasi kotsekera oyendetsa. Lero bambo anali atanyanya: guluu anali ataphimba galasi lonse, mbuu, mkati osaoneka. Dzulo lomweli mipando inali yopanda anthu, galasi lili mbee.

"Pepani, bambo," ananong'ona, osadziwa kuti akupepesa chiti.

Analowetsa nsonga ya kampeni m'mphepete. Kagalasi kanatseguka mosavuta.

M'mipando munali anthu. Tianthu tiwiri, mitu ngati njere za mpunga, topanda zisoti. Kumbuyo kankhalamba ka imvi, dzanja lili pa chiwongolero. Kutsogolo kamzimayi. Nsidze ziwiri zowonda kuposa tsitsi, zofanana ndendende. Pachibwano kachipsera, pamalo pake penipeni. Panalibe mzere ndi umodzi womwe wokhota.

Anakhudza ndi chala. Penti anali asanaume.

Kuchipinda, mkonono unali utaleka.