Kulira kwa Galimoto ya Valentino

Reuben anayala mapaipi awiri pa katoni pafupi ndi galimoto yofiira, nayamba kufotokoza monga ankachitira m'shopu yake ya zida za magalimoto ku Katete. Sankakonda kutsatira makasitomala kunyumba. Koma aJosephat Mwanza a ku Sinda anamupempha pafoni mwaulemu kwambiri moti anangolongedza katundu n'kukwera minibasi.

"Zonsezi ntchito yake ndi kulowetsa mpweya mu injini," anatero. "Yaitaliyi imatsikira kuseri kwa bampala. Imakoka mpweya wozizira, injini n'kupeza mphamvu. Vuto ndi fumbi lanu la kuno, ndiponso mvula ikagwa ikhoza kumwa madzi. Yaifupiyi fyuluta yake yosefa mpweya imakhala m'boneti momwemu. Mphamvu ndi yochepa, koma mukaponda moto, imalira moti msika wonse umatembenuka."

AMwanza ankamvetsera akugwedeza mutu. Anali mlimi wa thonje, wa imvi mutu wonse, zala zawo zopindika ndi khasu. Galimotoyo inali ya zitseko ziwiri, yotsika ngati ikununkhiza dothi, penti yake yatsopano. Sinali galimoto ya munthu wa msinkhu wawo.

"Ndi ya mwana wanga," iwo anatero, natembenukira kunyumba. "Valentino, sankha."

Pakhonde, kuseri kwa kakhoma kofika m'chiuno, panali mwamuna wandevu zake kale. Ankangooneka mutu ndi mapewa. Anavala magalasi akuda, timawaya ta foni tili m'makutu.

"Iliyonse, atate."

"Ndati sankha. Motoka ndi yako."

"Mukudziwa kale imene mufuna."

Reuben anayembekeza kuti mkuluyo akalipa. AMwanza anangomwetulira.

"Akuti yaifupi."

Ntchito aMwanza anafuna kuigwira okha, Reuben azingowalozera. Anamasula bokosi lakuda la fyuluta yakale n'kuliika pambali. Anachotsa sensa, kachipangizo koyeza mpweya, nakasamutsira pa paipi yatsopano mosamala ngati anyamula dzira. Dzuwa la Okutobala linali pamsana pawo, shati yonse itanyowa. Pomanga bawuti yomaliza sipanala inaterereka, chala n'kukhudzana ndi chitsulo. Magazi anadonthera pa paipi yonyezimirayo. Anawapukuta ndi mkono wa shati.

Bawuti ija inagubuduzika mpaka m'munsi mwa khonde. Valentino anaiyang'ana. Sanasunthe. Mkuluyo anapita yekha, nagwada, naifufuza m'fumbi.

Ataipeza anatunga madzi m'kapu n'kukapatsa mwana wawoyo, iwo asanamwe. Kenako anamuchotsa timawaya tija m'makutu pang'onopang'ono, natiika m'thumba mwawo.

"Kuti umve bwino ikamalira," anatero.

Reuben mtima unamuwawa. Ana otere ankawaona tsiku ndi tsiku kushopu: atate kumunda, mwana pa chiwongolero, mawindo otsitsa, nyimbo zili pwirikiti. Iye atate ake sanamugulirepo ngakhale belu la njinga. Anayesa kudzigwira, koma mawu anatuluka okha.

"Achimwene, kodi miyendo imeneyo anakupatsani ya chionetsero? Atate anu akutuluka magazi apa, inu muli phee pamthunzi ngati bwana wa ku Lusaka."

Valentino anayang'ana kumbali. AMwanza anaseka chapansipansi, mutu uli m'boneti.

"Muuzeninso, aReuben. Mwina inu akumverani."

Reuben anamuuzanso, ndipo ulendo uno anawonjezera zina. Anati mwana wopanda chisoni ndi katundu chabe pakhomo. Anati kholo lotere likanakhala lake, bwenzi akulisambitsa mapazi. Valentino anaweramitsa mutu. Reuben anamva kukoma kuti mawu alasa.

Fyuluta yofiira yosongoka ngati chipewa inakhala m'malo mwake. Reuben anagwedeza paipi kuona ngati yalimba, nayang'ana waya wa sensa.

"Zatheka. Ilizeni."

AMwanza anapinda msana n'kulowa pa mpando wotsika uja. Injini inadzuka. Ataponda moto, paipi inayamwa mpweya ndi mkokomo waukali, wonga chilombo chokwiya. Nkhuku zinabalalika. Malata a khitchini ananjenjemera. Anapondanso, nasiya, napondanso mwamphamvu.

Pakhonde paja Valentino anagwira kakhoma ndi manja onse awiri. Mutu anaugonekera kumbuyo, mano atalumana, thukuta likutsika m'khosi. Reuben anapukusa mutu. Nkhope yotere ankaidziwa, ya achinyamata oledzera ndi kulira kwa injini. Ngakhale zikomo kwa atate ake, ayi ndithu.

"Yakwana, atate," anatero mokweza mawu. "Tsopano mwini wake adzuke akaiyese pa tara. Afike ku Katete n'kubwerera, timve ngati yamukhutiritsa."

AMwanza anatuluka, injini ikulirabe.

"Motoka iyi situluka pageti," anatero.

Anakwera pakhonde, naima kumbuyo kwa mwana wawo, nayamba kukankha. Mpando wamatayala unatulukira kuseri kwa kakhoma, miyendo iwiri yowonda itamangidwa ndi kansalu kuti isagwe. Anauimika pamphuno penipeni pa boneti.

"Ndi motoka yomweyi Valentinoyu anandiphera mwana wanga Olipa, mlongo wake yemwe, chifukwa cha liwiro, iye n'kulumala miyendo. Ndinaiwongoletsa yonse kuti aziimva m'mawa uliwonse, koma ndi fyuluta yakale ija anayamba kuizolowera."

Anabwerera pa chiwongolero, naponda moto mpaka pansi.